Funsani Azakhali: Buledi wa Tirigu Wophika Pakhomo

Chisanu chikangoyamba muno mu Harare, makalata amene ndimalandira amasintha nkhani. Mwezi wa Meyi usanathe anthu amaleka kufunsa za thobwa ndi za kufutsa ndiwo zamasamba, n'kuyamba kufunsa za buledi, ndipo chifukwa chake chili poyera: m'mawa wa mu Juni tiyi wopanda chotafuna satsika bwino, pamene buledi wa m'sitolo, amene mtengo wake umazungulira pa dola imodzi ya ku America, sachedwa kutha pakhomo la ana ambiri. Mwezi uno ndasankha makalata 6, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

Ndisanayambe kuyankha ndipemphe chinthu chimodzi. Amene mungathe, gulani sikelo yaing'ono ya kukhitchini. Kapu imodzi yomweyo ikhoza kulowa ufa wolemera magalamu 120 lero, mawa n'kulowa magalamu 160, malinga ndi mmene mwatapira ndi mmene mwatsindirira, ndipo kusiyana kumeneku n'kokwanira kuwononga buledi. Amene mulibe sikelo, dziwani kuti kapu ya mamililita 250 yothiridwa ufa ndi supuni, osatsindira, imalowa magalamu pafupifupi 130.

Buledi wolemera ngati njerwa

Azakhali, ndinagula tirigu wosagaya ku Mbare Musika, amene anzathu achishona amamutcha gorosi, n'kukagayitsa ku chigayo cha pafupi ndi kwathu. Ndinakanda ndi yisiti, shuga ndi mchere monga anandiuzira amayi anzanga a kumpingo, koma buledi anatuluka wolemera ngati njerwa, moti ana anangonyema khungu lake n'kusiya zam'kati. Ndayesa katatu konse. Kodi vuto ndi yisiti kapena manja anga?
Mayi wa ana anayi, Mufakose

Mayi, manja anu alibe mlandu, ndipo ndikukayika ngati yisiti ali nawo. Nkhani yaikulu yagona pa ufa. Mu tirigu muli mapuloteni a mitundu iwiri amene, akakumana ndi madzi n'kukandidwa, amalukana n'kupanga ulimbo wotanuka umene ophika buledi amautcha gluten. Yisiti ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta gulu la bowa, timene timadya shuga wa mu ufa n'kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Ulimbo uja ndiwo umagwira mpweyawo kuti usathawe, ndipo ufa umafufuma chifukwa cha timatumba tampweya tambirimbiri timene tatsekeredwa m'kati. Chimanga chilibe ulimbo umenewu, n'chifukwa chake chigumu cha mgaiwa wokhawokha sichingatukumuke ngati buledi ngakhale mutathiramo yisiti wa m'sitolo yonse.

Ufa wanu uli ndi zovuta ziwiri. Choyamba, tirigu wambiri wolimidwa muno m'Zimbabwe, amene amadzalidwa cha m'Meyi m'minda yothirira n'kukololedwa kuyambira Seputembala, ulimbo wake ndi wofooka poyerekeza ndi tirigu wolimba wa kumayiko ozizira monga Canada. M'chaka cha 2022 dziko lino linakolola matani pafupifupi 375,000, kuposa matani 360,000 amene linkafuna pa chaka, komabe makampani ogaya ufa amaitanitsabe tirigu wolimba wa kunja kuti asakanize ndi wa kuno popanga ufa wa buledi. Inu munakanda tirigu wa kuno yekha, wosasakaniza. Chachiwiri, chigayo chinasiya madeya onse mu ufa, ndipo madeya a tirigu amachita zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi: amamwa madzi ambiri, moti ufa umauma pamene mwini akuganiza kuti wathira okwanira, komanso m'mbali mwake ndi mwakuthwa ngati timipeni, ndiye amadula ulimbo uja pamene ukulukana.

Musataye tirigu wanuyo, pakuti kukoma kwake ndi fungo lake simungazipeze mu ufa woyera wa m'sitolo. Musakanizeni. Pa buledi mmodzi, tengani magalamu 200 a ufa wa kuchigayo ndi magalamu 300 a ufa woyera wophikira buledi, umene uli ndi mapuloteni a pakati pa 11 ndi 13 pa 100 alionse. Ufa wophikira makeke uli ndi mapuloteni ochepa, ndipo ufa wothiramo kale zofufumitsa, umene ambirife timaphikira masikono ndi mandasi, musaubweretse pa ntchito imeneyi. Madzi akhale mamililita 350, mchere magalamu 10, shuga supuni yaikulu imodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu awiri, ndi yisiti wouma magalamu 5, amene ndi theka la kapaketi ka magalamu 10.

Yambani ndi kuviika. Thirani ufa wa kuchigayo wokha m'madzi onse aja, muvundule ndi mthiko, muvundikire, muusiye mphindi 30. Madeya akamwa madzi amafewa n'kuleka kudula ulimbo. Kenako thirani zotsala zonse. Madzi akhale ofunda monga amene mumasambitsira khanda, cha pa madigiri 35 mpaka 38, chifukwa madzi opitirira madigiri 55 amapha yisiti, ndipo ndaonapo amayi ambiri akuthira madzi ongophula kumene poganiza kuti akufulumizitsa ntchito. Ngati mukumukayikira yisiti wanu, muthireni m'madzi ofunda pang'ono ndi kasupuni ka shuga. Pakatha mphindi 10 osachita thovu ndiye kuti anafa kale.

Pokanda m'pamene ambiri amagonja. Poyamba ufa umamata zala ndi tebulo lomwe, ndipo mtima umafuna kuwaza ufa wina wouma. Limbani mtima, musawaze. Dzolani timafuta m'manja, kankhani ufa ndi tsinde la chikhatho, pindani, tembenuzani, kankhaninso, ndipo muchite zimenezi mphindi 10 zathunthu. Cha pa mphindi yachisanu ndi chimodzi mudzamva ufa ukusintha m'manja: uleka kukakamira, uyamba kusalala, ndipo mukaukankha uzibwerera wokha. Kuti mudziwe ngati wakandika, dulani kachidutswa, mukatambasule pang'onopang'ono ndi zala moyang'ana kuwindo. Kakapyapyala mpaka kuwala kuonekera kasanang'ambike, ntchito yatha. Ufa wa madeya sungapyapyale kufika pa ufa woyera, choncho musadzizunze kufuna zosatheka.

Uikeni m'beseni lodzola mafuta, muvundikire ndi nsalu yonyowa, ndipo mudikire mpaka ukule pafupifupi kawiri. Mu Okutobala zimenezi zingatenge mphindi 45, koma mu Juni ndi Julayi, pamene m'mawa kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, zingatenge maola awiri kapena kuposerapo. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene munalakwitsanso, pakuti anthu ambiri amauzidwa kuti adikire ola limodzi, ndipo ola likakwana amaika pamoto ufa umene sunayambe n'komwe kufufuma. Ine m'chisanu ndimaika beseni pawindo lolowa dzuwa la masana, nditalikulunga ndi bulangeti lakale. Ukafufuma, uphwetseni pang'ono, muuumbe mtanda wautali, muuike m'chitini chodzola mafuta, ndipo mudikirenso mpaka utatsala pang'ono kufika pamilomo ya chitini. Phikani pa madigiri 220 kwa mphindi 10, kenako pa madigiri 200 kwa mphindi 25 kapena 30. Mukamutulutsa m'chitini, mugogodeni pansi ndi chala. Buledi wakupsa amalira ngati kang'oma. Musamudule ola limodzi lisanathe, ngakhale ana alire bwanji, chifukwa m'kati mwake mumakhala mukupsabe ndi nthunzi.

Ndiwonjezere mawu awiri pa za tirigu wosagaya. Mupeteni ndi lichero n'kutola timiyala musanapite kuchigayo, ndipo tirigu wopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira musamugule, pakuti ameneyo ndi mbewu yothiridwa mankhwala ndipo si ya kudya. Muzigayitsa wochepa, wa milungu itatu kapena inayi, chifukwa kamtima ka njere ya tirigu kali ndi mafuta amene amasasitsa ufa ukakhalitsa.

Amafufuma bwino, kenako n'kutitimira

Azakhali, kwathu ndi ku Nsanje ndipo ndinabwera kuno ndi banja chaka chatha. Kumudzi ndinkaphika buledi wogulitsa ndipo sankandivuta. Kuno ndikutsata miyeso yomweyo, koma ufa umafufuma mofulumira, n'kutitimira pakati ukangolowa mu uvuni. Apongozi anga akuti pali amene akundichitira nsanje.
Mtengwa wa ku Dzivarasekwa

Mwana wanga, apongozi anu muwalemekeze, koma pa nkhani iyi wokuchitirani nsanje ndi phiri limene mwakwera. Nsanje ili m'chigwa cha Shire, pamalo otsika, osafika mamita 100 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490. Pamalo okwera chotere mpweya wa mumlengalenga umapanikiza zinthu mochepa, pafupifupi magawo 85 pa 100 a mmene umapanikizira kunyanja, ndiye timatumba tampweya ta mu ufa timakula mosavuta ndiponso mofulumira. Mukadikira nthawi imene munazolowera kumudzi, ulimbo wa ufa umatambasuka kupitirira mphamvu yake, ndipo kutentha kwa uvuni kukakankha mpweya komaliza, timatumba timaphulika n'kugwa. Madzinso kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95, ndipo m'miyezi ya chisanu mphepo ndi youma, choncho ufa umafuna madzi oposa amene munkathira.

Chitani zinthu zitatu. Chepetsani yisiti ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Onjezerani madzi masupuni aakulu awiri pa theka la kilogalamu iliyonse ya ufa. Ndipo pa kufufuma kwachiwiri, kwa m'chitini, musadikire kuti mtanda ukule kawiri. Viikani chala mu ufa wouma, mubaye mtanda pambali mozama ngati chikhadabo. Bowo likatsekeka nthawi yomweyo, dikiranibe. Likamatsekeka pang'onopang'ono n'kusiya kachizindikiro, ikani pamoto tsopano lino. Likangokhala osabwerera, mwachedwa, koma ufa sunatayike: utulutseni m'chitini, muuumbenso, ndipo ufufumanso m'kanthawi kochepa.

Poti munali wogulitsa, mwina munkachepetsa mchere kuti buledi azimveka shuga monga amakondera ogula. Mchere umalimbitsa ulimbo wa ufa ndipo umachedwetsa yisiti, ndiye kuno musautsitse pansi pa magalamu 9 kapena 10 pa theka la kilogalamu ya ufa.

Buledi wa ku Belfast wopanda yisiti

Azakhali, mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Belfast. Wanditumizira pa WhatsApp kaphikidwe ka buledi amene kumeneko amamutcha wheaten bread, ndipo akuti sathira yisiti, sakanda, ndipo amapsa ola limodzi lisanathe. Pa zofunika walembapo buttermilk, amene sindinamuonepo m'sitolo za kwathu kuno. Kodi buledi wotere alipodi, ndipo ndingamuphike ndi chiyani?
Gogo wa ku Highfield

Alipo ndithu, agogo, ndipo ndikhulupirira kuti inu mwakhala mukuphika m'bale wake kuyambira utsikana wanu. Wheaten bread ndi dzina limene anthu a kumpoto kwa Ireland amatchula buledi wa ufa wa tirigu wosachotsa madeya, wofufumitsa ndi soda ndi mkaka wosasa. Soda wophikira anafala ku Ireland cha m'ma 1830 ndi 1840, ndipo anthu osauka a kumeneko anamulandira ndi manja awiri pa zifukwa zimene ifenso tingazimvetse: tirigu wawo anali wofewa, wosagwirizana bwino ndi yisiti, nyumba zambiri zinalibe uvuni koma mphika wachitsulo wa pamoto, ndipo mkaka wotsala popanga batala unali pakhomo paliponse. Mkaka wotsalawo ndiye buttermilk. Asidi wa mu mkaka wosasa akakumana ndi soda amatulutsa mpweya nthawi yomweyo, ndipo mpweyawo ndi umene umafufumitsa buledi. Chigumu chathu cha soda ndi chimodho cha anzathu achishona zimayendera nzeru yomweyo.

Choncho musavutike kufunafuna buttermilk. Mkaka wosasa umene kumudzi timati chambiko, ndipo kuno timaugula m'mapaketi pa dzina la lacto, ukugwira ntchito imeneyi bwino lomwe. Ukakhala wolimba kwambiri, usungunuleni ndi mkaka wamba kapena madzi pang'ono kuti uzitha kuthirika. Ngati mulibe, finyirani mandimu masupuni aakulu awiri mu mkaka wamba wa mamililita 400, ndipo pakatha mphindi 10 ukhala utadukaduka.

Miyeso yake ndi iyi. Ufa wa tirigu wa madeya magalamu 350, ufa woyera magalamu 100, ndipo pano ufa wa makeke ndi wololedwa chifukwa sitikufuna ulimbo wamphamvu. Soda supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mpaka kutumphuka, mchere supuni yaing'ono imodzi, shuga supuni yaikulu imodzi, majarini kapena batala magalamu 30, ndi mkaka wosasa mamililita 400. Yatsani uvuni musanayambe china chilichonse, ufike madigiri 200, ndipo chitini chikhale chodzola kale mafuta. Sefani soda pamodzi ndi ufa woyera kuti pasatsale timibulu, sakanizani zouma zonse, fikisirani majarini ndi nsonga za zala mpaka asowe, kenako kumbani dzenje pakati n'kuthira mkaka wonse kamodzi. Vundulani ndi dzanja limodzi lotambasula zala, mozungulira kuchokera pakati, ndipo ufa wouma ukangosowa, lekani. Zimenezi siziyenera kupitirira mphindi imodzi. Ufa wake umaoneka ngati phala lolimba losasalala, ndipo ndi mmene uyenera kuonekera. Khuthulirani m'chitini, lembani mzere pakati ndi mpeni, ndipo muphike mphindi 15 pa madigiri 200, kenako mphindi 30 kapena 35 pa madigiri 180.

Pali misampha iwiri. Amene anazolowera buledi wa yisiti manja amawayabwa kuti akande, koma kukanda kumatulutsa mpweya umene sudzabweranso, pakuti soda amagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo buledi amatuluka wolimba. Msampha wina ndi soda wochuluka. Inu mukudziwa mmene thelere limakhalira chidulo chikapitirira muyeso, ndipo buledi naye amatero: m'kati amachita chikasu, pakamwa n'kumamveka ngati sopo. Pamalo okwera ngati Harare ndi bwino kuchepetsako soda pang'ono kusiyana ndi zimene mwana wanu walemba, popeza Belfast ili m'mphepete mwa nyanja.

Musayembekezere buledi wofewa ngati thonje. Ameneyu ndi wolemera, wonyenyeka pang'ono, wa fungo la tirigu weniweni, ndipo amakoma tsiku lomwelo ndi majarini kapena chiponde. Ine ndimamukonda kuposa wa yisiti pa tirigu wa kuno, ndipo mayi a ku Mufakose aja ndingawalangize kuti ufa wawo wa kuchigayo auyesenso m'njira imeneyi. Mukangomutulutsa, mukulungeni m'nsalu yoyera kuti khungu lake lifewe.

Chifukwa chake sachedwa kuuma ndi kuchita nkhungu

Azakhali, buledi wa m'sitolo amakhala wofewa masiku anayi kapena asanu, koma wanga amauma tsiku lachiwiri, ndipo nthawi ya mvula amachita nkhungu. Ndimamusunga m'firiji. Ndikulakwitsa pati?
Mphunzitsi, Glen View

Aphunzitsi, mutulutseni m'firiji lero lomwe. Buledi amalimba chifukwa sitachi wa m'kati mwake, amene anafewa pophika, amayamba kubwerera pang'onopang'ono mmene analili, ndipo kuzizira kwa m'firiji kumafulumizitsa zimenezi kuposa kutentha kwa m'nyumba. Kuumitsa ndi madzi oundana ndi nkhani ina, chifukwa kumaimitsa zonse; ngati firiji yanu ili ndi chipinda choumitsira ndipo magetsi akwanu ndi odalirika, dulani buledi m'mapisi, mumange m'pulasitiki, ndipo muzitulutsa okwana tsikulo.

Buledi wa m'mafakitale amapangidwa mwanjira ina. Ambiri amatsata njira imene inayambira ku Chorleywood, ku England, mu 1961, yokanda ufa ndi makina othamanga kwambiri, ndipo amathiramo mafuta, vitamini C wolimbitsa ulimbo, zofewetsa, ndi mankhwala oletsa nkhungu monga calcium propionate. Wanu alibe zimenezi, ndiye masiku awiri kapena atatu ndiwo moyo wake. Mafuta masupuni awiri ndi mkaka m'malo mwa theka la madzi zimamutalikitsira masiku pang'ono. Chimene chimabweretsa nkhungu msanga ndi kumanga buledi m'pulasitiki akadali wofunda, chifukwa nthunzi imasanduka madzi m'katimo. Adikire maola awiri pa waya kapena palichero. Akachita nkhungu, tayani yense, osangodula pamene paoneka pobiriwira, pakuti mizu yake imalowa m'kati mosaoneka ndi maso.

Kwa wodwala shuga

Azakhali, amuna anga anawapeza ndi matenda a shuga. Kodi buledi wa tirigu wa madeya angadye mmene angafunire?
Mayi, Kuwadzana

Iyayi, mayi. Madeya amachedwetsako kulowa kwa shuga m'magazi ndipo amathandiza m'mimba, choncho buledi wa madeya ndi wabwinoko kuposa woyera, koma gawo lalikulu la ufa uliwonse wa tirigu ndi sitachi, amene thupi limamusandutsa shuga. Mukamawaphikira, shuga mutha kumusiyiratu, chifukwa yisiti amapeza chakudya chake mu ufa momwemo, kungoti ufa umachedwerapo kufufuma. Ufa ukhale wogaya mokhakhala, mapisi akhale opyapyala, ndipo adye ndi dzira, chiponde chopanda shuga kapena nyemba. Za kuchuluka kwa mapisi pa tsiku mukafunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala, popeza zimadalira mankhwalawo ndi mmene shuga wawo akuyendera.

Wopanda uvuni

Azakhali, ndine mnyamata wosakwatira, ndimachita lendi chipinda chimodzi chopanda magetsi. Ndili ndi mbaula, makala ndi mphika wachitsulo wa miyendo itatu umene anandisiyira malemu agogo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Kodi ndingaphike buledi mmenemo?
Mnyamata wa ku Epworth

Mungaphike, achimwene, ndipo mphika umenewo ndi uvuni wabwino kuposa mauvuni ambiri a magetsi amene ndawaona, chifukwa chitsulo chochindikala chimasunga kutentha ndipo chivundikiro chimatsekera nthunzi, imene imalola buledi kukula khungu lake lisanaume. Mkaka wosasa ndi soda, monga ndawafotokozera agogo a ku Highfield, ndiye poyambira pabwino kwa munthu wa chipinda chimodzi, popeza simufunika tebulo lokandirapo kapena malo ofunda odikirira.

Chinthu chimene anthu amalakwitsa ndi kuika moto wambiri pansi. Buledi wa mumphika amafuna moto wa pamwamba woposa wa pansi: mwa makala atatu alionse, awiri akhale pachivundikiro, limodzi pansi. Yatsani makala pambaula, ndipo mudikire mpaka malawi atha, makala atavala phulusa loyera. Zonsezi muchitire panja, pamalo osawomba mphepo, pakuti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo m'chisanu chilichonse timamva za anthu amene anagona osadzukanso chifukwa cha mbaula. Yalani makala ochepa pansi mozungulira, osati mulu pakati, n'kukhazika mphika pamwamba pake. Miyendo itatu ija inapangidwira zimenezi. Pansi pa mphika wotere ndi pozungulira, choncho thirani m'kati mwake mchenga woyera wouma wokwana zala ziwiri kuti pakhale pathyathyathya, ndipo mchengawo utchinganso buledi kuti asapserere kunsi. Tenthetsani mphika wovundikira kwa mphindi 15. Kuti mudziwe kutentha popanda choyezera, wazani ufa pang'ono pa kachitini kapena pambale yachitsulo n'kuika m'katimo. Ukasanduka wofiirira pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, moto uli bwino. Ukada nthawi yomweyo n'kutulutsa utsi, chotsani makala ena.

Ikani ufa wanu m'kapoto kopanda chogwirira cha pulasitiki kapena m'mbale yachitsulo yodzola mafuta, muikhazike pamchenga, muvundikire, ndipo muthire makala pachivundikiro. Ngati chivundikiro chili chotumphuka moti makala akugubuduka, chitembenuzeni chikhale ngati mbale, kapena dulani lata lathyathyathya. Mphindi 20 zoyambirira musatsegule. Pambuyo pake, mphindi 10 zilizonse, zungulitsani mphika pang'ono mbali imodzi ndi chivundikiro mbali ina, kuti pamene pali makala otentha kwambiri pasapserezetse malo amodzi. Potsegula, nyamulani chivundikiro mowongoka ndi waya wopinda ndipo muchiike pa njerwa ziwiri, apo ayi phulusa lithera pa buledi. Pakatha mphindi 40 kapena 45 bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, tulutsani. Ngati pamwamba pafiira koma kamtengo katuluka konyowa, chotsani makala a pachivundikiro n'kusiya a pansi okha kwa mphindi zina 10.

Mchenga umene mwagwiritsa ntchito musautaye, usungeni m'chitini kuti ukhale wouma, ndipo mphika muupukute ndi kansalu ka mafuta ukadali wofunda kuti usachite dzimbiri.